MC wopanda biti yakeyake ndi waganyu: tione moyo wa Skepta

Pa 15 September 2016, mu holo ya Hammersmith Apollo ku London, oweruza a mphoto ya Mercury, imene imaperekedwa kwa chimbale chopambana pa chaka ku Britain, analambalala chimbale chomaliza cha David Bowie, analambalalanso cha gulu la Radiohead, n'kupereka mphotoyo kwa Skepta, MC wa mtundu wa nyimbo wotchedwa grime, chifukwa cha chimbale chake cha Konnichiwa. Anakwera pansanja ndi mayi ndi bambo ake, anthu ochokera ku Nigeria amene analerera ana awo ku Tottenham. Ambiri amene anaonera usiku umenewo anaona munthu wa maikolofoni atapambana. Ine ndimaona kuti anapambana ndi munthu wa kuseri, uja amakhala pa kompyuta mpaka tambala kulira akukonza ng'oma ndi besi, chifukwa nyimbo zambiri za m'chimbalecho anazipanga yekha, ndipo chinatuluka kudzera ku kampani yakeyake ya Boy Better Know. Mfundo yanga ndi imeneyi: mu nyimbo zovina za ku Britain, MC amene sadziwa kupanga biti amalima m'munda wa eni. Akhoza kukhala wakhama kuposa onse, koma nkhokwe si yake.

Tiyambe tamvana za dzina lakuti MC. Si yemwe uja amayendetsa perekaniperekani pa ukwati, ngakhale kuti onsewa ntchito yawo ndi kugwira mitima ya khamu la anthu ndi pakamwa. Ku Britain ntchitoyi inachokera ku Jamaica, kwa anthu amene ankalankhula pamwamba pa nyimbo pa zimasipika zikuluzikulu za m'misewu. Ana awo obadwira ku London, Bristol ndi Birmingham anaitengera mu jungle kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kenako mu drum and bass, mu garage, ndipo cha m'ma 2002 mu grime. M'nyimbo zonsezi DJ ndiye amasankha choseweredwa. MC amaima pambali pake, kulankhula motsatira kugunda kwa ng'oma, kudzutsa anthu akazizira, ndi kupempha kuti nyimbo ibwezedwe poyambira ikawafika pamtima. Kubweza kumeneku amakutcha reload, ndipo kwa zaka zambiri ndiyo inali mphoto yaikulu ya MC: DJ agwira mbale ndi dzanja, aizunguliza chammbuyo, holo yonse ikukuwa. N'zokoma zedi kuona. Kungoti reload saikapo ndalama m'thumba la munthu mawa lake.

Skepta, dzina lake lenileni Joseph Junior Adenuga, wobadwa mu 1982, sanayambe ngati MC. Anali DJ wa gulu la Meridian Crew la ku Tottenham, ankasewera pa wailesi zopanda chilolezo ngati Heat FM, ndipo ankapanga mabiti opanda mawu oti anzake aziimbirapo. Monga anyamata ambiri a nthawi imeneyo, anaphunzirira pa Music 2000, pulogalamu ya pa PlayStation imene munthu ankasanja timabokosi ta mawu pa TV ya pabalaza. Imodzi mwa mabiti ake oyamba anaitcha DTI, dzina la unduna umene akuluakulu ake ankasakasaka ndi kulanda zipangizo za wailesizo. Maikolofoni anaigwira pambuyo, cha m'ma 2005, Wiley, MC ndi wopanga biti mnzake, atamulimbikitsa. Dongosolo limeneli, kuyamba ndi makina kenako pakamwa, ndi limene likulongosola zonse zimene zinatsatira.

Kuti muone chifukwa chake, muyenera kudziwa mmene ndalama zinkayendera. Wailesi yopanda chilolezo inkakhala ndi magawo awiri: situdiyo m'kachipinda kobisika, ndi makina oulutsira mawu pamwamba pa nyumba yosanja ya khonsolo, kutali ndi situdiyoyo, kuti aboma akapeza makinawo asapeze anthu. Makina akalandidwa ankafunika ena, choncho DJ ndi MC aliyense ankasonkha ndalama kuti apatsidwe maola ake awiri pa mlungu. Ankalipira kuti agwire ntchito. Chiopsezo chinalinso chenicheni: mu 2005 Slimzee, mmodzi wa amene anayambitsa wailesi ya Rinse FM mu 1994, analetsedwa ndi khoti kukwera pa madenga a nyumba zazitali m'dera la Tower Hamlets. Rinse inadzalandira chilolezo mu 2010, itakhala zaka 16 ikuthawathawa.

Pa wailesi yotere MC ankatuluka ndi dzina. Wopanga biti ankatuluka ndi katundu wogulitsa. Biti yatsopano ankaidula kaye pa dubplate, mbale imodzi yokha ya acetate imene ankakadulitsa ku malo ngati Music House kumpoto kwa London. Mbale yotere siikhalitsa, singano imaidya pang'onopang'ono ndipo ikaseweredwa maulendo makumi angapo imayamba kulira mwa phokoso, koma inali yokwanira kuyesera. Anthu akaimba foni ku wailesi kufunsa kuti ndi ya ndani, mwini wake ankadinditsa mbale za vinyl zopanda chithunzi, za pepala loyera chabe, mwina 500 kapena 1,000, n'kuzinyamula m'galimoto kukazisiya m'masitolo ngati Rhythm Division pa Roman Road ku Bow. Umu ndi mmene Wiley anapezera ndalama zake zoyamba zooneka, pogulitsa biti yopanda mawu ya Eskimo. MC makumi angapo anaimbirapo pa biti imeneyo pa wailesi, ena a iwo mwaluso kuposa mwini wake, ndipo kuimba kwawoko ndi kumene kunkaitsatsa. Ndalama ya mbale iliyonse yogulidwa inkapita kwa amene anaipanga.

Wina anganene kuti zimenezo n'zakale, masiku ano vinyl ndi ya osonkhanitsa zinthu zakale basi. Zoona, koma lamulo la umwini silinasinthe. Nyimbo iliyonse ku Britain ili ndi umwini pawiri. Pali umwini wa zopeka, kutanthauza mawu ndi mayimbidwe, umene ndalama zake amatolera ndi bungwe la PRS for Music ikaseweredwa pagulu kapena pa wailesi, ndi MCPS ikakopedwa kapena kugulitsidwa. Palinso umwini wa chojambulidwacho, umene amautcha master, ndipo ndalama zake za pa wailesi ndi m'malo ovinira amatolera ndi PPL n'kugawa pakati pa mwini master ndi amene anamveka mu chojambulidwacho. Umwini woyamba umakhala moyo wonse wa wopeka ndi zaka 70 pambuyo pa imfa yake. Wachiwiri umakhala zaka 70 kuchokera pamene nyimbo inatuluka. Mwachizolowezi, osati mwalamulo, umwini wa zopeka amaugawa pakati: theka kwa wopanga biti, theka kwa olemba mawu. Ndiye taganizirani nyimbo ya grime imene muli MC asanu ndi mmodzi. Wopanga biti watenga 50 pa 100 yekha, enawo agawana theka lotsalalo, aliyense apeza 8 ndi kachidutswa. Ngati wopanga bitiyo waimbanso vesi imodzi, ndiponso ndiye mwini kampani, wadya patatu m'mbale imodzi.

Amene zinawapweteka kwambiri ndi MC a jungle ndi drum and bass. Ntchito yawo yaikulu inali ya pansanja, ola lathunthu pambali pa DJ, akupeka mawu pomwepo. Zimenezo sizinkalembetsedwa kulikonse ngati nyimbo. Zinkajambulidwa pa makaseti a phwandolo, n'kumagulitsidwa m'mapaketi, anthu n'kumakoperana. Stevie Hyper D, amene ambiri amati ndiye anayambitsa kaimbidwe kothamanga kawiri pa jungle, anamwalira mu 1998 akadali mnyamata, ndipo zambiri za luso lake zatsala pa makaseti oterowo. Malipiro a MC wotere ndi a usiku umenewo. Akadwala pakhosi, kapena malo ovinira akatsekedwa monga zinachitikira mu 2020, palibe chimalowa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo kwa woimba, wa pamphunoyo ndi nyimbo yolembetsedwa m'dzina lake.

Koma nkhaniyi si ya ndalama yokha, ndipo mbali imene ndimaikonda kwambiri ndi ya luso. MC amene amapanga yekha biti amalemba mosiyana, ndipo zimamveka. Grime imayenda pa 140 BPM, kugunda 140 pa mphindi. Kugunda kumodzi ndi mamilisekondi 429. Kugunda kanayi kumapanga bar imodzi, masekondi 1.7. Ma bar 8 ndi masekondi osakwana 14, ndipo ma bar 16, amene ndi mlingo wa vesi, ndi masekondi 27 ndi pang'ono. Bar iliyonse ili ndi timipata 16. Wophunzira kumene amafuna kudzaza timipata tonse ndi maphatikizo, zimene zikutanthauza maphatikizo oposa 9 pa sekondi popanda popumira. M'situdiyo zimatheka, chifukwa amajambula mzere umodziumodzi n'kulumikiza. Pansanja mpweya umamuthera pa bar yachisanu ndi chimodzi, mathero a mizere amamezedwa, ndipo mathero a mizere ndi amene khamu limadikira kuti liimbe naye. Munthu amene wakhalapo pa kompyuta akusuntha ng'oma amadziwa kuti snare, ng'oma ija yolira mokuthwa, ikugwa pati, amaika liwu lolemera pamenepo, ndipo amasiya mpata wopumira pamene besi ikuyankha. Mvetserani Skepta: sathamanga ngati anzake ena, mawu ake ndi ochepa, otalikirana, omveka lililonse. Anthu ena amati n'kuphweka. Kumeneko n'kulemba kwa munthu amene akumva biti yonse m'mutu, osati mawu ake okha.

Chimodzimodzi posanja mawu. Liwu la munthu limamveka bwino pakati pa 1 kHz ndi 4 kHz, ndipo pamenepo ndi pamene ma synth akuthwa a grime, mawu opangidwa ndi keyboard kapena kompyuta, amakonda kukhala. Wopanga biti amene sanagwirepo maikolofoni amadzaza malo amenewo chifukwa biti ikamalira yokha imakoma choncho. MC akabwerapo mawu ake amamira, iye n'kuyamba kukuwa, pakhosi n'kuuma phwando lisanafike pakati. Wodziwa mbali zonse ziwiri amatsitsa synth ndi ma decibel awiri kapena atatu m'dera limenelo, kapena amaichotseratu pa ma bar a vesi n'kuibweza pa kolasi. N'chifukwa chake mabiti akale a grime amamveka ngati nyumba yopanda mipando: ng'oma, besi, kaphokoso kamodzi kobwerezabwereza, basi. Mpata umenewo unasiyidwa dala kuti munthu alowemo. Pansi pake, besi yozama imakhala pakati pa 40 ndi 60 Hz, ndipo iyenera kukhala mono, kutanthauza yofanana pa sipika zonse ziwiri. Ikatambasulidwa kumanzere ndi kumanja, pa vinyl singano imalumpha, ndipo m'holo mafunde a sipika ziwiri amadyana mpaka pakati pa bwalo pamakhala popanda besi. Sipika ya foni nayo siitha kutulutsa 50 Hz, choncho amawonjezera kukalipa pang'ono pamwamba pa besiyo kuti khutu liilondole ngakhale pa foni. Pomaliza amasiya ma decibel ngati 6 pansi pa malire a kukwera kwa mawu, kuti katswiri womalizitsa akhale ndi pogwira.

Pansanja pali zolakwika ziwiri zimene zimabwerabwera. Choyamba ndi kufumbata mutu wa maikolofoni. Shure SM58, imene imapezeka pafupifupi m'malo onse ovinira, inapangidwa kuti izimva za kutsogolo ndi kukana za kumbuyo, ndipo imachita zimenezo kudzera m'timabowo ta kumbuyo kwa mutu wake. Ukaphimba timabowoto ndi chikhatho, imayamba kumva mbali zonse, imatola mawu a sipika n'kuyamba kulira mluzu, ndipo liwu lako limamveka ngati ukulankhulira m'chitini. Woyang'anira makina amakutsitsa, iwe n'kumaganiza kuti akukuchitira nkhanza. Chachiwiri ndi kutsatira mawu olakwika. Mawu amayenda mamita 343 pa sekondi. Ngati khoma la kumbuyo kwa holo lili pa mamita 15, mawu opita ndi kubwerera amafika atachedwa ndi mamilisekondi 87, pamene kampata kamodzi pa 140 BPM ndi mamilisekondi 107. MC amene wachoka pafupi ndi sipika yake ya pansanja n'kumatsatira zimene zikubwerera kuchokera m'holo amakhala m'mbuyo pafupifupi kampata kathunthu. Iye amamva ngati ali bwinobwino, ovina amamva ngati akukoka mwendo. Pa drum and bass, imene imathamanga pa 174 BPM, kampatako ndi mamilisekondi 86, ndiye kuchedwako kumakhala kampata kathunthu ndithu. Zinthu izi munthu wa makina amazidziwa ndi masamu, safunika kuchita kugwa nazo kaye.

Tibwerere kwa Skepta, chifukwa moyo wake uli ndi chigwa pakati, ndipo chigwacho ndi umboni wanga wamphamvu. Mu 2005 iye ndi mng'ono wake Jme anayambitsa Boy Better Know. Ankagulitsa ma CD ndi malaya olembedwa dzina la gululo, ndipo mu 2006 mpikisano wa Skepta wonyozana ndi Devilman wa ku Birmingham pa DVD ya Lord of the Mics unafalitsa dzina lake dziko lonse. Chimbale chake choyamba chinatuluka mu 2007, chachiwiri mu 2009. Koma nthawi imeneyo grime inali itapanikizidwa. Kuyambira mu 2005 apolisi a ku London ankafuna kuti okonza maphwando okhala ndi DJ ndi MC adzaze fomu yotchedwa Form 696, masiku 14 phwando lisanachitike, ndi kulembamo mayina enieni, maadiresi ndi manambala a foni a oimba onse. Poyamba fomuyo inkafunsanso mtundu wa anthu oyembekezeka kubwera. Maphwando ankaimitsidwa, eni malo ankaopa kulandidwa chilolezo, ndipo ambiri anangosiya kulandira grime. Fomuyi inadzathetsedwa mu November 2017, meya Sadiq Khan atapempha kuti iunikidwenso. Munthu amene ndalama zake zimachokera pansanja pokha, nsanja ikatsekedwa chotere amalowera kuti?

Ambiri analowera ku nyimbo za pop. Mu 2008 Wiley anafika pa nambala 2 ndi nyimbo ya electro, Dizzee Rascal anafika pa nambala 1 ndi nyimbo yopangidwa ndi Calvin Harris, ndipo Tinchy Stryder ndi Tinie Tempah anatsatira. Skepta nayenso anayesa. Chimbale chake cha 2011, Doin' It Again, chili ndi makolasi osalala ndi mabiti opangira wailesi za masana. Chinalowa m'gulu la zimbale 20 zogulidwa kwambiri, koma lero n'chovuta kupeza wokonda grime amene amachitchula ndi chikondi. Sindikumuweruza, munthu amayenera kudya. Kungoti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nyimbo zoterezi zimapangidwa motsatira zofuna za komiti ya wailesi, MC amangodzaza masekondi ake pakati pa makolasi, ndipo fashoni ikasintha kampani imafuna nkhope ina. Mu 2012 Skepta anaika pa YouTube kanema wautali akulankhula yekha ndi kamera za mmene bizinesi ya nyimbo inamusokonezera mutu. Chaka chomwecho anatulutsa Blacklisted, nyimbo zakuda, zachisoni, zimene palibe wailesi ya masana ikanazisewera.

Apa ndi pamene luso la makina linamupulumutsa. MC amene sadziwa kupanga biti akafuna kubwerera ku chiyambi chake amayenera kupeza munthu woti amukhulupirire, kumulipira kapena kumulonjeza, n'kumulongosolera ndi pakamwa mawu amene ali m'mutu mwake. Skepta anangotsegula makina. That's Not Me, imene inatuluka mu 2014 ndi Jme, anaipanga yekha ndi timawu tomwe tija ta ma keyboard a zaka khumi m'mbuyomo, tokhala ngati ta masewera a pa TV. Kanema wake anajambula ndi Tim & Barry pa mapaundi 80, iye ataima patsogolo pa chinsalu chobiriwira atavala zovala zothamangira, DJ ali pambali pake ngati pa wailesi. Kanema wa mapaundi 80 ameneyo anapata mphoto ya MOBO, ya nyimbo zochokera kwa anthu akuda, chaka chomwecho. Shutdown, imene anapanga ndi Ragz Originale, inatsatira mu 2015, ndipo Konnichiwa inatuluka mu May 2016 n'kufika pa nambala 2. Mu 2017 a Ivor Novello, mphoto imene imaperekedwa kwa opeka osati kwa oimba chabe, anamutcha wopeka nyimbo wa chakacho. Palibe kampani yaikulu imene inakonza ulendo umenewu. Ikanaukonza bwanji, pamene zonse zimene anachita zinali zotsutsana ndi malangizo amene makampani ankapereka nthawi imeneyo?

Ndipo phindu lake linadutsa malire a grime. Mu 2018 anapangira A$AP Rocky wa ku New York biti ya Praise the Lord, ija ya kachitoliro, n'kuimbamonso yekha. Nyimboyo yaseweredwa kwambiri pa dziko lonse kuposa nyimbo ina iliyonse ya grime imene anatulutsapo. Akanakhala mlendo wongoimba vesi, akanalandira gawo la vesi. Popeza biti ndi yake, dzina lake lili mbali zonse ziwiri za pepala logawira umwini.

Pali zotsutsa zimene ndiyenera kuzilemekeza. Choyamba ndi Flowdan. Munthu ameneyu anali m'gulu la Roll Deep ndi Wiley kuyambira pachiyambi, amadziwika ndi liwu lake lozama osati ndi makina, ndipo mu February 2024 anapata Grammy chifukwa cha Rumble, ya Skrillex ndi Fred again.. Uwu ndi umboni woti pakamwa pokha pakhoza kumufikitsa munthu patali. Koma taonani kutalika kwa njirayo: zaka zoposa 20, ndipo nthawi iliyonse imene dzina lake linakwera, panali wopanga biti amene anamuitana, The Bug mu 2007, Skrillex ndi Fred again.. pambuyo pake. Liwu ngati la Flowdan limabadwa kamodzi pa m'badwo. Sungalangize mnyamata wa zaka 17 ku Croydon kapena ku Manchester kuti adalire mwayi wotere. D Double E, amene ma MC anzake ambiri, kuphatikizapo Skepta, amamutchula ngati katswiri woposa onse, anatulutsa chimbale chake choyamba cha yekha mu 2018, atatha zaka pafupifupi 20 pa maikolofoni. Luso linalipo lochuluka, zolembetsedwa zinachedwa.

Chotsutsa chachiwiri n'cholemera kwambiri: kugwira ntchito ziwiri kumatha kufooketsa zonse. Munthu amene amadzipangira zonse alibe womuuza kuti vesi iyi ndi yofooka, kapena kuti ng'oma izi wazigwiritsa kale ntchito katatu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo nyimbo zabwino zambiri za ku Britain zinabadwa pa ubale wa anthu awiri, monga LTJ Bukem ndi MC Conrad, kapena Roni Size ndi Dynamite MC, amene gulu lawo la Reprazent linapata Mercury mu 1997. Ndikuvomereza. Ngakhale pa Konnichiwa pali manja a ena, Pharrell Williams ali pomwepo. Chimene ndikunena si chakuti MC azidzitsekera yekha m'chipinda. Ndikunena kuti akalowa m'situdiyo ya wina alowe akudziwa chilankhulo cha m'menemo, athe kunena kuti snare ichedwetsedwe pang'ono, kapena kuti ma bar anayi awa achotsedwe, ndipo tsiku limene palibe womuitana athe kukhala pansi n'kupanga yekha. Dizzee Rascal anapata Mercury mu 2003 asanakwanitse zaka 20, ndi chimbale chimene mabiti ake ambiri anapanga yekha, ataphunzirira pa makompyuta a kusukulu. Pamene anadzapita kwa Calvin Harris, anapita ngati mnzake wodziwa ntchito, ndipo nyimboyo inatuluka pa kampani yakeyake ya Dirtee Stank.

Masiku ano chotchinga cha zipangizo chinagwa. FL Studio, imene kale inkatchedwa FruityLoops ndipo inapanga mabiti ambiri a grime yoyamba, imayenda pa laputopu wamba. Chimene chimagwetsa achinyamata tsopano ndi mapepala. Wina amagula biti pa intaneti pa mtengo wotsika osawerenga kuti wangobwereka, kuti bitiyo yagulitsidwanso kwa anthu ena makumi angapo, ndiponso kuti chilolezocho chimatha nyimbo ikaseweredwa kufika pa chiwerengero chakuti. Nyimbo ikatchuka, mwini biti amabwera ndi mtengo watsopano, ndipo lamulo lili kumbali yake. Wina amadula kachidutswa ka nyimbo yakale n'kuika mu biti yake osapempha chilolezo. Chilolezocho chimafunika pawiri, kwa mwini master ndi kwa mwini zopeka, ndipo chimapemphedwa nyimbo isanatuluke. Ikatuluka kale, eni ake akhoza kuitsitsa pa Spotify ndi YouTube kapena kutenga gawo lililonse limene angafune. Ndipo chofala kuposa zonse: anzake atatu amajambula nyimbo usiku, onse akusangalala, palibe amene akufuna kuipitsa macheza ndi nkhani ya magawo. Pepala logawira umwini liyenera kulembedwa usiku womwewo, asanatuluke m'situdiyo: mayina enieni a pa chiphaso, nambala ya aliyense ya PRS, gawo la aliyense, zonse zikwane 100, aliyense asaine. Akalembetsa ku PRS magawo osagwirizana, ndalama za nyimboyo zimaimikidwa mpaka mkanganowo utathe, ndipo mikangano yotere imapha maubwenzi a zaka zambiri. Kulowa PPL n'kwaulere, koma oimba ambiri sadzilembetsa pa nyimbo zimene anaimbamo ngati alendo, ndalama zawo n'kumangokhala. Nyimbo iliyonse ikhalenso ndi nambala yake ya ISRC, chifukwa ndi imene makompyuta a mabungwewa amaizindikirira ikaseweredwa. Ndipo akaimba pa phwando, apereke ku PRS mndandanda wa nyimbo zimene anaimba, popeza malowo analipira kale chilolezo ndipo ndalamayo imagawidwa motsatira mindandanda imene yafika.

Chimene chimandikhudza pa Skepta n'chakuti pamene zaka 40 zinakwana, msinkhu umene MC ambiri amayamba kuvutika kupikisana ndi anyamata oimba drill, mtundu watsopano wa rap, pa liwiro ndi ukali, iye anali ndi khomo lina lotsegula kale. Mu 2023 iye ndi Jammer, mnzake wa ku Boy Better Know amene chipinda chapansi cha nyumba ya makolo ake ku Leytonstone ndicho chinali bwalo la Lord of the Mics, anayambitsa kampani ya nyimbo zovina za house yotchedwa Más Tiempo. Okonda grime ena anakhumudwa, ndipo ndikuwamvetsa, chifukwa house ya ku Ibiza ilibe mkwiyo uja umene anamukondera. Si nyimbo zake zonse za house zimene zimandigwira mtima. Komabe amene amati wasochera aiwala kumene anachokera. Liwiro latsika kuchoka pa 140 kufika cha m'ma 125 mpaka 130, dubplate yasanduka USB yolowetsa mu CDJ, makina amakono a DJ, koma munthuyo waima pomwe ankaima ku Heat FM, kumbuyo kwa makina, mahedifoni ali khutu limodzi, akuyesa biti imene anamaliza dzulo kuti aone ngati anthu avina.